Kuphonya Mwadala

"Pakati pa inu awiri, amadziwa kuwombera ndani?"

"Ndine, Baba. Zodziwika kale mukufunsiranji?"

"Nanga bwanji sindinadyepo bakha wako?"

"Poti mumakana."

"Ndimakana chibudu. Iwe dokotala, wako bwanji sindinamulawepo?"

"Wa alamu angawa akadali m'mwamba, Baba. Pano mwina wadutsa Kabul."

Gulsher anaseka nawo, kuseka kwa mkamwini pakhomo pa apongozi: mano onse pamtunda, mtima ukutukwana. Iye ndiye anali dokotalayo, wa mano, ndipo m'tauni yonse munalibe nsagwada imene sanaigwirepo. Womusekayo anali Mithal, mchimwene wa mkazi wake, wogulitsa mapampu othirira mpunga, munthu wa khosi lonenepa ndi diso losaphonya. Wofunsa mafunso anali apongozi akewo, Haji Wasayo, amene anakhala pa bedi la zingwe m'chipinda cha alendo atafunda nsalu ya ajiraki, mfuti ili pamiyendo ngati mdzukulu wokondedwa.

Mfutiyo! Ya mipope iwiri, yakalekale, maluwa atazokotedwa pachitsulo, chogwirira chake chitasalala ndi thukuta la makolo. Tsiku limene Gulsher anabwera kudzaona mbeta pakhomopo, anayamba waona mfutiyo pakhoma, kenako mbetayo, Zebu. Zebu ankazidziwa zimenezi, ndipo akakwiya ankazitchula.

"Maso anga atha," anatero Haji. "Dzana ndinapereka moni kwa mbuzi. Mfuti iyi ikufuna mwini wina. Ndiipereka kwa amene adzandidyetse bakha wolasa yekha, abakha asanabwerere kwawo kozizira. Koma bakha woti ine ndidye. Mwamva?"

Anamva, ndipo aliyense anaona pamene panali msampha wake.

Anthu onse a m'Gulu la Alenje ndi Amabwato ankatsatira chiphunzitso chofewa: ukatchula dzina la Mulungu pokhethemula mfuti, mbalame yako yayera, kaya igwe yamoyo kaya yakufa. Anali ndi shehe wawo wowatsimikizira zimenezo, yemwe pa madyerero awo sankachedwa. Haji ankatsatira chouma: chipolopolo si mpeni. Mbalame uipeze ikupuma, uizinge pakhosi, magazi atuluke. Ikafa mpeni usanafike ndi chibudu, kapatse agalu.

Tsono Mithal sankavulaza mbalame, ankaizimitsa. Bakha wake ankafera m'mwamba momwemo n'kugwa ngati nsapato. Pomwe Gulsher, chilowereni m'gululo, sanagwetsepo ngakhale nthenga. Sikuti machaka ake, tinjere ta mtovu tija timatuluka m'chipolopolo, sankafika penapake. Anafikapo pa ketulo ya tiyi ya tcheyamani, pa mbendera ya gulu, komanso pa nkhafi ya bwato limene iye mwini anakweramo. Ku gulu kunali mwambi: dokotala akanyamula mfuti, thawira pomwe walozapo.

Gulsher ankakonda ndagi, ndipo iyi inamukoma ngakhale inkamuluma. Wodziwa kwambiri sadyetsa nkhalamba, wosadziwa konse saidyetsanso. Mfuti inkafuna munthu wodziwa mwatheka, ndipo wotere m'banjamo munalibe. Anaiganizira akuboola dzino la mkulu wa positi, anaiganizira akudya, anaiganizira Zebu akumuuza za denga lodontha, mpaka yankho linatulukira lokha: Haji panyanja sadzakhalapo, ndipo bakha wozingidwa saulula amene anamugwetsa.

Anapita kukaona Khamiso.

Khamiso anali mmodzi wa anthu a panyanja, obadwira m'bwato, ndipo abakha ankawagwira ndi manja. Ankavala kumutu chikopa chouma cha bakha, chofutukula ndi udzu, cha mutu wobiriwira ndi maso a mikanda, n'kulowa m'madzi mpaka m'chibwano. Ankayenda pansi pang'onopang'ono akusuzumira pa timabowo ta pachifuwa pa chikopacho, bakha wabodzayo akuyandama pamwamba, mpaka kulowa pakati pa enieni. Akafika ankangokoka mmodzi miyendo, thibu! Anzake n'kumati wamira kukafuna chakudya. Analinso wabodza wodziwika doko lonse, ndipo ankalumbira kuti abakha aamuna amamufunsira mbeta.

"Dokotala Saini, ndamva bwino?" anafunsa Khamiso akukanda pamimba, poti kumeneko Saini ndiwo mawu aulemu onenera bwana. "Mukufuna bakha wamoyo, koma wooneka ngati wafa pang'ono?"

"Wovulala. Ukabisale naye m'mabango, pa mtengo wouma uja. Ukamva mfuti yanga, umupotokole phiko n'kumuponya poyera. Ine ndifika ndi mpeni. Machaka ndidzalowetsa ndekha m'nyama pambuyo pake, zitsulo zake ndili nazo."

"Nanga alamu anu? Aja amalasa udzudzu m'diso. Akaona chipewa changa?"

"Alamu anga adzakhala akulimbana ndi injini. Sizilephera."

"Ndiye wowombera ndinu nokha?"

"Ine ndekha."

Khamiso anaseka mpaka kuonetsa malo onse amene kale munali mano. "Aa, basi. Ndibwera ndi mwana kumsana adzaonerere."

Gulsher anameza chipongwecho, poti chinali mbali ya mtengo wake. Mbali inayo inali dzino lagolide, lakutsogolo, loti lizioneka Khamiso akamanama.

Loweruka m'mamawa nkhungu inali mbuu panyanja. Alamu awiriwo anakwera bwato limodzi, popeza aliyense ankafuna kuona zimene mnzake akuchita. Bwatolo linali la Mithal, ndipo linali ndi injini ya pampu imene mwiniyo anaisandutsa ya bwato ndi manja ake. Injiniyo sinaiwale kwawo: inkakonda kukoka madzi kuwalowetsa m'kati. Inkaliranso mokwanira kudzutsa abakha a nyanja yonse ndi a nyanja yoyandikana nayo, koma Mithal ankati liwiro ndiye yankho: ukafika msanga, mwina bakha umupeza asanamalize kufa.

"Alamu, kapani madzi," anatero Mithal. "Ntchito yokhayo imene simuphonya."

"Ndikukapa, alamu. Kodi pampuyi munagulitsa ingati chaka chino? Ndikufunsira amasiye."

Atayandikira mtengo wouma uja, Gulsher anatambasula phazi n'kutseka kampopi ka mafuta ndi chala. Kunali kungovutika chabe, injini inali itayamba kale kutsokomola yokha. Inatsokomola kawiri, inausa moyo, n'kukhala chete. Mithal anaika mfuti pansi, anawerama, nayamba kukoka chingwe akutukwana injiniyo ndi amake omwe.

Ndipo pafupi ndi mtengowo, m'mphepete mwa mabango, panatulukira bakha wa mutu wobiriwira. Ankayenda molunjika mopitirira muyeso, osayang'ana uku kapena uku, ngati bakha wopita ku ofesi.

Gulsher ananyamula kamfuti kake ka mpope umodzi n'kuloza kumwamba, kumanzere, kutali ndi bakhayo. Chala chinali chitafika kale pokhethemulira.

Apa ndi pamene sukulu inamupweteka. Munthu wosaphunzira akanangowombera mitambo n'kupita kukatenga bakha wake. Koma Gulsher anakumbukira ketulo ya tcheyamani. Tsiku lija analoza kumwamba. Anakumbukira nkhafi ija. Tsiku lija analoza kumanzere. Zonse zimene analasapo pamoyo wake ndi zimene sanaloze, ndipo zonse zimene analozapo zikadali moyo, zina zili ndi zidzukulu. Tsono akaloza kutali ndi Khamiso, angalumbire ndani kuti machaka sapita kwa Khamiso? Panyanja yonseyi, malo okhawo odziwika kuti sipafika kanthu ndi pamene iye walozapo. Gulu lonse linkachitira umboni zimenezo. Choncho, kuti amuphonye Khamiso mosakayikitsa, anayenera kumuloza Khamiso.

Anaiyendera mfundoyo kuchokera kumutu mpaka kumchira, n'kubwereranso, osapeza pobooka. Inali yokongola. Mtima unakhala pansi. Ndipo poti mtima unali pansi, manja sananjenjemere. Poti sankafuna kulasa, sanatsinzine monga ankachitira nthawi zonse, sanakoke mwaphuma. Anatsitsa mpope mpaka unayang'anana ndi diso la mkanda lija, anapuma bwinobwino, anatchula dzina la Mulungu mwachizolowezi, n'kukhethemula.

Phuu! Mutu wobiriwira unauluka, nthenga ndi udzu zili mbwee pamadzi.

"Ndalasa!" Gulsher anadumpha mpaka bwato linapendekeka. "Alamu! Mwaona? Pamutu! Pamutu penipeni!"

Chimwemwecho chinangokhala nthawi imene munthu amamezera malovu, koma chinali chenicheni, chotentha, chochokera kuphazi mpaka kuliwombo. Pambuyo pake anayesetsa kuchita nacho manyazi, koma zinkakanika.

Kenako bakhayo anakuwa.

"Mayo ine! Wandipha wozula mano!"

Mithal anadzuka ali tuzu, mfuti ili kale m'manja. Nthawi yomweyo bakha weniweni, amene Khamiso anamutaya asanamupotokole phiko, anavumbuluka m'mabango akuuluka. Mithal anali asanamvepo bakha akutukwana, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire manja ake ananjenjemera. Anawombera. Bakhayo anagwedezeka, anasiya nthenga za kumchira m'malere, anayesa kukwera, n'kukagwera patsogolo pang'ono kumanja. Ankaphiriphitha pamadzi. Wamoyo.

Alamu awiriwo anayang'ana kumanzere: munthu ataimirira m'madzi olekeza m'chifuwa, atagwira khutu, magazi akutsika m'khosi. Anayang'ana kumanja: bakha akupuma, koma osadziwika kuti apuma mpaka liti. Sanakambirane. Pa chilamu chawo chonse, aka kanali koyamba kugwirizana popanda mawu. Mithal anatola nkhafi, Gulsher anatola chitini chokapira madzi, napalasa kulowera kumanja.

"Saini! Kuno! Ndili kuno!"

"Gwira khutu, tikubwera!" anakuwa Gulsher osacheuka.

"Munthu safa msanga," anatero Mithal akupalasa. "Bakha ndiye sachedwa."

Anamugwira mapiko akadatukula mutu.

"Mpeni, alamu!"

"Inu mulibe?"

"Ndiutani mpeni ine? Anga onse amabwera atamaliza."

Gulsher anatulutsa wake, umene anaunola usiku wathawo pofunira ntchito yomweyi. Anataya kanthawi kukangana kuti m'nkhungu yotere ku Maka, koyang'ana pozinga, ndi kuti, kenako anasankha pakati pa zala zawo ziwirizo, ndipo Gulsher anazinga. Magazi anatuluka bwino. Anayang'anana mokhutira ngati anthu amene amaliza ntchito ya Mulungu, kenako anakumbukira kuti pali magazi enanso.

Anamukokera Khamiso m'bwato akudontha madzi ndi matukwano. Mwayi wake unali woti machaka ambiri anathera m'udzu wa chipewa chija. Ochepa analowa m'khutu lakumanja ndi pachikopa cha mutu. Gulsher anatsegula kachikwama kake, anatulutsa kachitsulo kopanira kamene anabweretsa kuti alowetsere machaka m'bakha, nayamba kutulutsira machaka m'munthu.

"Yasamula," anatero mwachizolowezi.

"Khutu liyasamula bwanji, Saini? Aii! Munati simulasa!"

"Sindilasa."

"Nanga izi ndi ndolo? Ndinavomera chifukwa mbiri yanu ndi yabwino! Nyanja yonse imakukhulupirirani! Abakha amalera ana awo pamaso panu!"

"Usagwedezeke."

"Dzino limodzi latha ntchito. Mkamwa monse mwagolide. Ndi mwa mkazi wanga. Apo ayi, ndikupita kupolisi ndi khutu lomweli, akaliwerenge okha."

Mithal ankamvetsera atakhala pa injini, bakha ali pamiyendo, nkhope ikufutukuka pang'onopang'ono ngati chapati pamoto.

"Ohoo," anatero. "Ndiye mumagula bakha, alamu. Kuti mupusitse nkhalamba yosaona. Bambo a mkazi wanu."

"Ndinagula ndine, ndazinga ndine. Bakhayu ndi wanga kawiri."

"Baba anati wolasa yekha. Walasa ndani? Tigawane mwachilungamo, alamu: aliyense atenge chimene walasa. Bakha ndi wanga, khutu ndi lanu. Ine ndikhala chete za khutu, inu mukhale chete za zonse."

Gulsher anaifufuza mfundoyo kuti apeze pobooka. Iyinso inalibe.

Masana a tsikulo chipinda cha alendo cha Haji chinadzaza. Mbiri yoti Mithal wabweretsa bakha wozingidwa inayenda msanga, ndipo a gulu anabwera onse, tcheyamani patsogolo, shehe wawo pambuyo pake pang'ono. Haji anayamba waipapasa mbalameyo ndi zala, makamaka pakhosi, ndipo atakhutira analamula kuti mutu audule auike pa kambale pafupi naye, ukhale mboni. Thupi linapita kukhitchini kwa Zebu, n'kubwerako litagona pa mpunga wofiira ndi tsabola.

Haji ankadya bakha mwa njira yake. Pambali ankaika kambale ka mkuwa, ndipo akaluma njere ya mtovu ankailavulira m'menemo kuti imveke. Ankati mlenje umamudziwira pamene machaka ake agona. Anthu anakhala chete, akumvetsera mano oikirira a nkhalambayo, amene Gulsher anawapanga yekha, akugogoda.

Anadya chidali. Kambale kanali zii. Anadya phiko, kenako linalo. Zii. Anadya khosi. Anatembenuza mbalameyo, n'kuyamba za kumbuyo.

Ngwe.

Anatafunanso.

Ngwe. Ngwe.

"Mithal."

"Baba."

"Ukuti walasa ndiwe?"

"Ndine, Baba."

"Kumatako?"

Tcheyamani anatsokomolera m'kapu ya tiyi. Wina kumbuyo anatuluka panja mofulumira, ndipo anamveka akumalizira kuseka pabwalo.

"Ndinakuphunzitsa ndekha," anatero Haji akupukuta zala. "Chiyambire sunalasepo mbalame kumatako. Iwe umapha, ndiye vuto lako. Iyi ndi ntchito ya munthu amene analoza mtambo, Mulungu n'kumuchitira chifundo." Anatembenuza nkhope kuyang'ana kumene ankaganiza kuti kuli Gulsher, ndipo anangophonya pang'ono. "Dokotala, mwana wangayu akufuna kukubera? Usamuope. Dzanja lako ndikulidziwa, ndimalitafunira tsiku ndi tsiku. Ngakhale mano awa unawaika mokhota."

Ananyamula mfuti ija pamiyendo ndi manja awiri, n'kuitambasula.

"Tenga. Unaphonya bakha yense n'kupeza matako okha, koma ndadya, ndipo ndakhuta. Mawu ndi mawu."

Mithal anatsegula pakamwa. Gulsher anamuona akuwerengera. Kuti atenge mfuti, anayenera kulumbira pamaso pa gulu lonse kuti matakowo ndi ake, iye Mithal wolasa udzudzu m'diso. Kuti amuyalutse mlamu wake, anayenera kufotokoza za khutu, ndipo m'nkhani ya khutu munali bwato limene linadutsa munthu wotuluka magazi likuthamangira bakha, wogwira nkhafi ali iyeyo. Mithal anatseka pakamwa, n'kuyamba kusankha timiyala tosaoneka mumpunga.

Mfuti inali pafupi kwambiri moti Gulsher ankamva fungo la mafuta ake. Maluwa aja anali pomwepo, aliwonse ndi tsamba lake. Ndagi inali itadzimasula yokha, mwa njira imene iye sakanaiganiza: sanafunikenso kunama. Ankangofunika kutambasula manja n'kunena kuti zikomo, Saini. Kuseri kwa chitseko cha kukhitchini kunamveka zibangili za Zebu, kenako kunong'ona kwake: "Landirani, inu!"

Anatambasula manja.

"Dokotala wa kumatako!" anatero tcheyamani, misozi ili m'maso. "Amzanga, tilembe pa mbendera. Wa mano m'tauni, wa kumatako panyanja!"

Chipinda chinaphulika. Shehe anabisa nkhope m'mpango, mapewa akugwedezeka. Gulsher analimva dzinalo likumata ngati simenti ya m'dzino, ndipo anadziwa kuti silidzachoka. Adzalinyamula limodzi ndi mfutiyo m'bwato lililonse, pa doko lililonse, mpaka pa maliro ake. Tsiku lina lililonse akanalilandira, poti anali atalandirapo oposa pamenepo. Koma lero? Lero, pamene m'phewa mwake munali mukumvekabe kugunda kuja, pamene akatsinzina ankaona diso la mkanda, mpope uli nji, ndi mutu wobiriwira ukuuluka?

Manja ake anabwerera okha.

"Ayi," anatero. Kuseka kunapitirira, ndiye anaimirira. "Ayi! Matakowo si anga. Ine sindilasa matako. Ine lero ndalasa pamutu! Chipolopolo chimodzi, m'nkhungu, bwato likugwedezeka, patali ngati apa ndi pachipata. Pamutu penipeni! Alamu, munalipo, auzeni!"

Mithal anapitiriza kusankha timiyala take mumpunga. Kuseri kwa chitseko zibangili zinaleka kulira.

Haji anabweza mfuti pang'onopang'ono n'kuigonekanso pamiyendo. Kenako anapapasa pambali pake mpaka anapeza kambale kaja ka mboni. Anatola mutu wa bakha, anauyendetsa zala kuyambira kumlomo, m'maso, pamwamba, kumbuyo. Nthenga zobiriwirazo zinali see, zitagona bwinobwino ngati zapesedwa.

"Mutu uwu ulibe ngakhale kabala," anatero. "Iwe walasa mutu wa ndani?"